Mmisiri ndi Mphunzitsi Akagwirana Manja: Maphunziro a Luso m'Sukulu za kwa Kanyenda

Dera la Mfumu Yaikulu Kanyenda, kumpoto kwa boma la Nkhotakota, limadziwika ndi minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, mpunga wa m'madambo, chinangwa ndiponso usipa wa m'nyanja. Koma m'derali mulinso chuma china chimene sichikwera pa sikelo ya wogula. M'midzi yake muli osema mabwato ndi mitondo, oluka mikeka, mphasa ndi miono, oumba mbiya, okunga ng'oma, amayi otsogolera nyimbo za chioda ndiponso abambo odziwa kuponda malipenga ndi mganda. Anthu amenewa ndi akatswiri, ngakhale kuti ambiri mwa iwo alibe chikalata chowachitira umboni.

Pafupi ndi midzi yomweyo pali sukulu za pulayimale, ndipo pa ndandanda wa maphunziro a sabata pali nthawi ya phunziro la luso. Chodandaulitsa n'chakuti mbali ziwirizi sizikumana kawirikawiri. Mwana angathe kulemba m'kope mwake mayina a ng'oma zosiyanasiyana, koma osaikhudzako ng'omayo m'kalasi, chonsecho wokunga ng'oma amakhala patsidya pa msewu. M'nkhani ino tikufuna kufotokoza za mgwirizano wa anthu aluso ndi sukulu: chimene uli, mmene wayendera kwathu kuno ndi kumaiko ena, phindu lake ndi zovuta zake. Mfundo yathu ndi imodzi: mgwirizano wotere umabala zipatso zokhalitsa pokhapokha luso likatsala m'manja mwa mphunzitsi, mmisiri atabwerera kwawo.

Phunziro lilipo, koma latsalira pa bolodi

Kuti timvetse vutoli, tiyambe ndi mbiri ya sukulu zathu. M'chaka cha 1994 boma lidachotsa fizi m'sukulu za pulayimale. Ana pafupifupi miliyoni imodzi adawonjezereka m'chaka chimodzi chokha, ndipo boma lidakakamizika kulemba aphunzitsi zikwizikwi amene adali asanapite ku koleji ya uphunzitsi. Makalasi a ana oposa 100 adasanduka chinthu chozolowereka. Mphunzitsi amene ali ndi ana ochuluka chotere, mabuku ochepa ndi choko chowerengeka, amathamangira kuwerenga, kulemba ndi masamu. Nyimbo ndi zojambula zimatsalira m'mbuyo.

Kale nyimbo, luso la manja, kusoka ndi masewero olimbitsa thupi adali maphunziro osiyana. M'chaka cha 2007 Unduna wa Zamaphunziro, pogwira ntchito ndi bungwe la Malawi Institute of Education la ku Domasi, udayamba kugwiritsa ntchito ndondomeko yatsopano ya maphunziro a pulayimale. Maphunziro onsewa, pamodzi ndi magule ndi zisudzo, adaphatikizidwa kukhala phunziro limodzi lotchedwa Expressive Arts. Ganizolo lidali lanzeru, pakuti kumudzi zinthuzi sizilekana. Pa bwalo la gule pamakumana wosema ng'oma, wopeka nyimbo, wosoka zovala ndi wovina.

Komabe kuphatikizako kudasenzetsa mphunzitsi mmodzi katundu wa anthu asanu. Pa ndondomeko ya maphunziro a uphunzitsi imene idayamba m'chaka cha 2005, wophunzira ankakonzekera ntchito yake kwa zaka ziwiri zokha, ndipo m'nthawi imeneyo ankayenera kudziwa kaphunzitsidwe ka maphunziro onse a pulayimale. Palibe munthu amene angasanduke woimba, woumba, wosoka ndi wopeka zisudzo m'nthawi yochepa chotero. Kuwonjezera apo, pa mayeso a Sitandade 8 a bungwe la MANEB, phunziroli lakhala likufunsidwa papepala, pamodzi ndi phunziro la maluso a moyo. Chimene chimafunsidwa papepala chimaphunzitsidwanso papepala. Motero mwana amaloweza tanthauzo la kuumba, dongo osaligwira.

Sitikunena izi pofuna kuloza chala aphunzitsi. Ambiri mwa iwo amagwira ntchito yolemetsa mokhulupirika, ndipo ena ndi oimba ndi ojambula aluso ndithu. Tikungosonyeza kuti mutu umodzi susenza denga, ndiponso kuti thandizo limene mphunzitsi akulisowa lili m'mudzi momwemo.

Mgwirizano wake ndi wotani?

Munthu waluso angathe kufika pasukulu m'njira zitatu, ndipo n'kofunika kuzisiyanitsa.

Njira yoyamba ndi ya mlendo wa tsiku limodzi. Gulu la zisudzo kapena la oimba limafika, ana amasonkhana pansi pa mtengo, amaseka, amaomba m'manja, kenaka galimoto imanyamuka. Zimenezi zili ndi ubwino wake, chifukwa mwana amene sanaonepo sewero lokonzedwa bwino amatseguka maso. Koma mawa lake kalasi imabwerera mwakale.

Njira yachiwiri ndi ya mmisiri amene amabwera sabata ndi sabata kudzaphunzitsa ana, mphunzitsi n'kupezerapo mpata wokachonga makope ku ofesi. Apa ana amaphunziradi kanthu. Koma tsiku limene mmisiriyo adzadwale, kusamuka kapena kutopa chifukwa chosalandira kanthu, phunzirolo lidzathera pomwepo.

Njira yachitatu ndi imene tikuitcha mgwirizano weniweni. Mphunzitsi ndi mmisiri amayamba akhala pansi, n'kuona zimene silabasi ikufuna, n'kugawana ntchito. Mmisiri amadziwa dongo labwino, nthawi yodula mlaza ndi kakungidwe ka chikopa. Mphunzitsi amadziwa msinkhu wa ana, kagawidwe ka magulu ndi njira yoonera ngati mwana wamva. M'kalasi amaima onse awiri, ndipo mphunzitsi amagwira nawo dongolo pamaso pa ana, osachita manyazi kuti naye akuphunzira.

Makolo athu adatisiyira miyambi iwiri yonena za mlendo. Wina umati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, wina umati mlendo ndi mame. Yonse iwiri ndi yoona. Nzeru ndi yakuti kalumo katsale pakhomo mame asanakamuke.

Zimene taona kwathu kuno

Chitsanzo chimene ambiri a ife timachidziwa ndi cha ku Mua, m'boma la Dedza. Mishoni ya Mua idakhazikitsidwa ndi ansembe a chipani cha White Fathers m'chaka cha 1902. M'zaka za m'ma 1920 kudali kulimbana kwakukulu kumeneko pakati pa sukulu za mishoni ndi eni dambwe, popeza mbali zonse ziwiri zinkafuna anyamata omwewo. Sukulu ndi bwalo la gule zinkaonana ngati adani. Zinthu zidayamba kusintha pambuyo pa Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, umene m'chikalata chake cha m'chaka cha 1963 chonena za chipembedzo udalimbikitsa kulemekeza nyimbo ndi luso la mitundu ya anthu.

Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene anthu adamupatsa dzina lakuti Chisale, adafika m'dziko muno m'chaka cha 1967, ndipo mu 1976 adatsegula malo a luso ndi chikhalidwe a KuNgoni pa Mua pomwepo. Iwo sadabwere ndi luso lokonzeratu kuti aligawe. Adaphunzira chilankhulo, adakhala pansi ndi akuluakulu a m'midzi kwa zaka zambiri, ndipo adasonkhanitsa osema kuti aziphunzitsana. Amene adadziwa ntchito adaphunzitsa achinyamata, achinyamatawo n'kudzaphunzitsanso anzawo. Ziboliboli za ku Mua zili m'matchalitchi ambiri m'Malawi muno, ndipo kachisi wa bungwe la Missio mumzinda wa Munich ku Germany adakongoletsedwa ndi manja a amisiri omwewa. Nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare, imene imafotokoza za Achewa, Angoni ndi Ayao, ili ndi zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400, ndipo ana a sukulu amapitako kukaphunzira. Ku Mua tikuphunzirako zinthu zitatu: ntchito ya luso imafuna nthawi yaitali, imafuna ulemu kwa eni ake, ndipo imakhazikika pamene mmisiri akupeza chakudya ndi luso lakelo.

Chitsanzo chachiwiri ndi cha zisudzo za m'sukulu za sekondale. Kuyambira m'chaka cha 1969, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM lidayamba kuchititsa mpikisano wa zisudzo pakati pa sukulu. Amene adaunyamula mpikisanowu adali aphunzitsi eni ake, amene ankatsala madzulo kukonzekeretsa ana, pamene akatswiri a zisudzo ankathandiza poweruza ndi kulangiza. Du Chisiza Junior adayamba kudziwika pa mpikisano umenewu m'chaka cha 1982 ali mwana wa sukulu ku HHI mumzinda wa Blantyre. Patapita zaka zisanu, mu 1987, adayambitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre, limene lidaphunzitsa achinyamata ambiri mpaka pamene iye adamwalira m'chaka cha 1999. Apa tikuona kuti sukulu idabala mmisiri, ndipo mmisiriyo adasanduka sukulu kwa ena.

Chitsanzo chachitatu chikuchokera ku Chancellor College ku Zomba. M'zaka za m'ma 1980 aphunzitsi a zisudzo monga David Kerr ndi Chris Kamlongera ankapita ndi ophunzira awo m'midzi, makamaka m'dera la Liwonde, kukachita zisudzo zokhudza umoyo wa anthu. Iwo adaona kuti sewero lokonzedwa ku koleji n'kungotulidwa pamudzi silikhudza anthu ngati sewero lopekedwa pamodzi ndi eni mudzi, m'chilankhulo chawo, ndi nyimbo zawo. Phunziro limeneli likugwiranso ntchito m'kalasi. Ana amasunga chimene apanga nawo, osati chimene angoonerera.

Ku Balaka nako, gulu la Alleluya Band lidayamba m'chaka cha 1978 mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici. Achinyamata a pa parishi adapatsidwa zida ndi malo ophunzirira, ndipo Paul Banda, mmodzi mwa oyamba, adaphunzitsa ambiri obwera pambuyo pake, kuphatikizapo mng'ono wake Lucius Banda. Kuchokera pa chiyambi chochepacho padatuluka kaimbidwe kamene dziko lonse lidakadziwa ndi dzina la Balaka.

M'boma lathu la Nkhotakota namonso muli poyambira. Bungwe la achinyamata la Nkhotakota Youth Organisation lidatsegula malo a zachikhalidwe pa boma, pamene achinyamata aphunzirapo nyimbo ndi magule, mogwirizana ndi anzawo a ku Flora m'dziko la Norway. Kum'mwera kwa boma, m'mphepete mwa nyanja, kuli malo oumbira ziwiya a Nkhotakota Pottery, amene adachokera ku Dedza Pottery. Koma kuchoka kwa Kanyenda kukafika kumalo amenewa ndi ulendo wofuna ndalama, ndipo si sukulu iliyonse imene ingakwanitse. N'chifukwa chake maso athu ayenera kuyamba aona amisiri a pakhomo.

Zimene maiko ena aphunzira

Nkhaniyi si ya Malawi yekha. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidachititsa msonkhano woyamba wa dziko lonse wokambirana za maphunziro a luso mumzinda wa Lisbon ku Portugal. Wachiwiri udachitikira ku Seoul m'dziko la South Korea mu 2010, ndipo wina udachitikira ku Abu Dhabi mu 2024. Mwa mfundo zimene zidatuluka m'misonkhanoyi, imodzi ndi yakuti aphunzitsi ndi anthu aluso azigwira ntchito limodzi, ndiponso kuti luso la makolo a m'dera lililonse lipatsidwe malo m'sukulu. Bungwe lomweli lidapatula sabata yachinayi ya mwezi wa Meyi kuti ikhale yokumbukira maphunziro a luso chaka chilichonse.

Maiko awiri a ku Ulaya akutipatsa phunziro lofunika. Ku England, boma lidayambitsa ntchito yotchedwa Creative Partnerships m'chaka cha 2002. Ojambula, oimba, olemba ndi ochita zisudzo ankatumizidwa m'sukulu, makamaka za m'madera osauka, kukagwira ntchito ndi aphunzitsi kwa miyezi ingapo. Ntchitoyi idafikira ana oposa miliyoni imodzi. Koma m'chaka cha 2011 boma lidaleka kupereka ndalama, ndipo ntchitoyo idatha. Chimene chidatsala ndi chokhacho chimene aphunzitsi adaphunzira n'kuchisunga. Ku Norway adatsata njira ina. Kuyambira m'chaka cha 2001 adakhazikitsa ndondomeko yakuti mwana aliyense wa sukulu azikumana ndi akatswiri a luso chaka ndi chaka, ndipo adaipezera gwero la ndalama lokhazikika kuchokera ku phindu la lotale ya boma.

Ife tilibe chuma cha England kapena cha Norway. Koma ngati ntchito yaikulu chotere idatha m'dziko lolemera ndalama zitaleka, nanga kwathu kuno, kumene ntchito zambiri zimadalira thandizo la zaka ziwiri kapena zitatu? Mgwirizano wodalira galimoto ya bungwe umatha mafuta akatha. Wodalira mphunzitsi, mmisiri wa m'mudzi ndi komiti ya sukulu ungathe kupitirira ngakhale popanda wothandiza wochokera kutali.

Phindu lake limafika patali

Woyamba kupindula ndi mwana. M'kalasi iliyonse muli ana amene amavutika ndi kuwerenga, ndipo tsiku ndi tsiku amamva kuti ndi mbuli. Mwana wotere akapatsidwa dongo kapena ng'oma, nthawi zina amapezeka kuti ndiye wotsogola. Kuyamikiridwa kamodzi pamaso pa anzake kungathe kumupatsa chifukwa chobwerera kusukulu mawa. M'dera la m'mphepete mwa nyanja, kumene mnyamata amakopeka ndi ndalama za pa doko ndipo mtsikana amakopeka ndi ukwati, chifukwa chilichonse chosunga mwana pasukulu n'chamtengo wapatali.

Chachiwiri, luso limatsegula khomo la maphunziro ena. Woluka mkeka amawerenga timizere ta mlaza kuti maluwa a mkekawo afanane mbali zonse, ndipo amenewo ndi masamu. Wokunga ng'oma amaiwamba pamoto kuti chikopa chikungike, mawu n'kukwera, ndipo akamata phula pakati mawu amatsika. Imeneyo ndi sayansi ya kamvekedwe ka mawu. Lipenga la chikho limalira chifukwa cha kachikopa kopyapyala kamene kamanjenjemera woimba akamang'ung'udziramo. Agogo odziwa nthano, miyambi ndi zilapi ali ndi nkhokwe ya mawu a Chichewa ndi Chitonga imene buku lililonse silingaikwanitse. Sitiyenera kulonjeza makolo kuti ng'oma idzakhozetsa mwana mayeso a masamu. Luso liyenera kuphunzitsidwa chifukwa ndi gawo la umunthu wathu. Koma mphunzitsi wochenjera adzapezamo zitsanzo zimene ana sadzaziiwala.

Chachitatu, luso limapatsa ana njira yofotokozera zimene zili mumtima. Kumapeto kwa mwezi wa Febuluwale m'chaka cha 2024 madzi adasefukira m'dera la Dwangwa, ndipo anthu zikwizikwi adasowa pokhala, ena n'kukasungidwa m'sukulu. Ana amene adaona zoterezi sangathe nthawi zonse kuzifotokoza akafunsidwa. Koma akapatsidwa pepala kuti ajambule, kapena mpata wopeka nyimbo ndi sewero, amatulutsa zimene akuluakulu sankadziwa kuti zikuwavutitsa. Sewero lomwelo likachitidwa pamaso pa makolo, limasanduka phunziro kwa mudzi wonse pa nkhani ya malo omangapo nyumba ndi kusamala mitengo ya m'mbali mwa mitsinje.

Chachinayi, phindu limadutsa mpanda wa sukulu imodzi. Sukulu zathu zidagawidwa m'mazoni, ndipo zoni iliyonse ili ndi malo amene aphunzitsi amakumanirako pansi pa mlangizi wa maphunziro a pulayimale. Mphunzitsi mmodzi amene waphunzira kuumba kapena kutsogolera chioda angathe kuonetsa anzake a sukulu khumi pa tsiku limodzi. Mphunzitsiyo akasamutsidwa, amapita nalo lusolo kumalo atsopano. Umu ndi mmene ntchito yoyambira pansi pa mtengo umodzi imasinthira kaphunzitsidwe ka dera lonse.

Mmisiri naye amapindula. Ana amene ankamuona ngati nkhalamba wamba amayamba kumupatsa moni waulemu ngati mphunzitsi wawo. Amapeza omutsatira, ndipo amakakamizika kufotokoza m'mawu zimene manja ake akhala akuchita mwachizolowezi. Dziko lapansi lidavomereza kale kuti chuma chimenechi n'chachikulu. Bungwe la UNESCO lidalemekeza Gule Wamkulu ndi Vimbuza m'chaka cha 2005, Tchopa mu 2014, ndipo luso lopanga ndi kuimba sansi mu 2020. Koma chikalata cha ku Paris sichiphunzitsa mwana kuvina. Amene angatero ndi munthu wamoyo amene akudziwa.

Zovuta zimene tiyenera kuziyang'ana maso ndi maso

Vuto loyamba ndi la malipiro. Wosema bwato akathera m'mawa wonse pasukulu, wataya tsiku la ntchito. Si chilungamo kuyembekezera kuti munthu wosauka aziphunzitsa mwaulere mpaka kalekale, pamene ena onse pasukulupo amalandira. Nkhaniyi ikambidwe poyera ntchito isanayambe. Ngati ndalama palibe, makolo angathe kugwirizana zopereka mpunga, chinangwa kapena tsiku limodzi la ntchito m'munda mwa mmisiriyo. Zimene ana apanga zingathenso kugulitsidwa pa tsiku la makolo, phindu n'kugawidwa monga adagwirizanirana.

Vuto lachiwiri ndi la chitetezo cha ana. Luso la munthu si umboni wa khalidwe lake. Dziko lathu lili ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la m'chaka cha 2010, ndipo aliyense wolowa pasukulu ayenera kulitsata. Mmisiri asankhidwe mogwirizana ndi mfumu, komiti ya sukulu ndi gulu la amayi. Asatsale yekha ndi ana, asawaitanire kunyumba kwake, ndipo asawatume ntchito zake m'dzina la kuphunzira. Iyi ndi mfundo inanso yotsimikizira kuti mphunzitsi sayenera kuchoka m'kalasi.

Vuto lachitatu ndi la miyambo ndi zikhulupiriro. M'sukulu za kwa Kanyenda mumakhala ana a mipingo yosiyanasiyana, ana a Chisilamu ndi ana a makolo otsata miyambo ya makolo. Magule ena ali ndi zinsinsi zimene eni ake salola kuti zituluke pabwalo, ndipo makolo ena salola ana awo kuvina magule amenewo. Mbali zonse ziwiri ziyenera kulemekezedwa. Kalasi si dambwe, ndipo si malo onyozera dambwe. Ana angathe kuphunzira mbiri ya gule, kakonzedwe ka ng'oma ndi malangizo a m'nyimbo zoimbidwa poyera, popanda kukakamiza wina aliyense kuchita chimene chikumbumtima cha makolo ake chikukana. Mphunzitsi ndi mmisiri asankhenso nyimbo zoyenera msinkhu wa ana, pakuti si nyimbo iliyonse ya pa bwalo imene ingalowe m'kalasi.

Vuto lachinayi ndi la nthawi. Makolo ena adzanena kuti adatumiza mwana kukaphunzira Chingerezi, osati kukavina. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, ndipo yankho lake ndi losavuta: mgwirizanowu sulanda nthawi ya phunziro lina lililonse. Umangodzaza nthawi imene boma lidaipatula kale, imene nthawi zambiri imangopita pachabe.

Pomaliza, tisamale kuti tisabwezeretse malire akale akuti kusema ndi kwa anyamata, kuumba ndi kwa atsikana. Kumudzi ntchitozi zili ndi eni ake, koma m'kalasi mwana aliyense ayenera kulawa zonse, kuti mphatso yake ionekere pamene ili.

Tingayambire pati?

Ambiri mwa ife amene tikuwerenga nkhaniyi tili m'makomiti a sukulu, m'mabungwe a makolo ndi aphunzitsi, m'magulu a amayi ndi m'miphakati. Akatekisiti amayenda m'midzi yonse ndipo amadziwa khomo lililonse. Oyang'anira makwaya athu nawonso ndi aluso amene amadziwa kugawa mawu ndi kuphunzitsa gulu lalikulu. Choncho ntchitoyi si ya anthu akutali.

Choyamba, tilembe mayina a aluso onse a m'midzi yozungulira sukulu yathu, ndi luso la aliyense. Tidzadabwa kuona kuchuluka kwawo. Chachiwiri, mphunzitsi wamkulu asankhe kalasi imodzi, mphunzitsi mmodzi wofunitsitsa ndi luso limodzi lokha, kwa teremu imodzi. Kuyamba ndi zambiri ndi kumene kumagwetsa ntchito. Chachitatu, mphunzitsi ndi mmisiri akumane kawiri kapena katatu ana asanayambe, ndipo agwiritse ntchito zipangizo zopezeka pafupi: dongo, mlaza, bango, zikho, makala ndi mapepala otha ntchito. Chachinayi, mphunzitsi azilemba m'kope lapadera zonse zimene mmisiri akuphunzitsa, mwatsatanetsatane, pamodzi ndi dzina la mwini luso, ndipo kopelo likhale katundu wa sukulu. Chachisanu, pakutha pa teremu pakhale tsiku loonetsa makolo ndi mafumu zimene ana aphunzira, ndipo mmisiri athokozedwe pamaso pa onse. Chachisanu ndi chimodzi, teremu yotsatira mphunzitsi ayesere kuphunzitsa yekha, mmisiri n'kumangobwera mwa apo ndi apo kudzakonza polakwika.

Muyeso wa ntchito yonseyi si kukoma kwa gule pa tsiku la alendo. Muyeso wake ndi funso ili: patatha zaka zitatu, mmisiri uja atakalamba kapena atasamuka, kodi ana a kalasi imeneyo akuumbabe, akulukabe, akuimbabe? Ngati yankho ndi inde, ndiye kuti mgwirizano udalidi weniweni.

Chaka chilichonse timaika m'manda akuluakulu amene amapita ndi nyimbo, nthano ndi luso limene palibe adalitola. Chaka chilichonsenso ana mazanamazana amamaliza Sitandade 8 atakhoza mafunso a luso papepala, manja awo asanapangepo kanthu. Zotayika ziwirizi zili ndi mankhwala amodzi, ndipo mtunda wa pakati pa khonde la mmisiri ndi khomo la kalasi ndi waufupi. M'mera mpoyamba. Tiyeni nkhaniyi tikaikambe pa msonkhano wotsatira wa komiti ya sukulu yathu, tikadali ndi akuluakulu oti tiwafunse.